Mbale yakale ya Kind of Blue ikumveka yokwera: vuto ndi galamafoni kapena tepi?

Mnyamata wa Besi: Moni nonse akuluakulu. Ndikuphunzira besi ya "So What" potsatira nyimboyo. Ndikatsatira ya pa foni zonse zikugwirizana, koma ndikayika mbale yakale ya Kind of Blue mawu akukwera pang'ono, moti besi yanga ikumveka ngati sindinaitchune. Vuto ndi galamafoni, makutu anga, kapena pali mitundu iwiri ya chimbale chimenechi?

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, makutu ako ali bwinobwino. Galamafoni ikhoza kukhala ndi matenda ake, koma pa chimbale chimenecho pali nkhani yodziwika. Miles Davis, woyimba lipenga, anachijambula masiku awiri, pa 2 Marichi ndi pa 22 Epulo 1959, mu situdiyo ya Columbia ya pa 30th Street ku New York, nyumba imene kale inali tchalitchi. Tsiku loyambalo makina a tepi amene ankawadalira ankayenda mochedwa kuposa muyezo. Tepi yojambulidwa pa makina ochedwa ukaiyika pa makina abwino imathamanga, mawu n'kukwera. Nyimbo zitatu za mbali yoyamba, "So What", "Freddie Freeloader" ndi "Blue in Green", zinatuluka choncho mu Ogasiti 1959, ndipo anthu anamva zokwerazo kwa zaka zoposa 30. Anadzakonza mu 1992, pogwiritsa ntchito tepi ya makina achiwiri amene ankajambula nthawi yomweyo. Ya pa foni yakoyo ndi yokonzedwa. Mbali yachiwiri, ya mu Epuloyo, inalibe vuto.

Mnyamata wa Besi: Zikomo bambo. Ndiye kuti zaka zonsezo palibe amene anazindikira?

Aphiri ku Joni: Kkkk oyimba ankazindikira, mphwanga, ngati iwe momwemo. Koma ukanakadandaula kwa ndani? Unkangokweza zingwe pang'ono n'kupitiriza. Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti alipo anthu mpaka lero amene amati yokwerayo ndiyo imakoma, chifukwa ndiyo anakulira.

Amalume a Mbale: Ine ndine mmodzi mwa iwo, Aphiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma popeza mwayamba nkhani ya chimbale chimenechi, tikonzeretu bodza lina limene limayendayenda. Anthu amati nyimbo zonse anangoyimba kamodzi basi n'kutha. Zoona zake n'zakuti ankayamba, kulakwitsa, kuima, n'kuyambanso. Chimene chili choona n'chakuti nyimbo zinayi mwa zisanuzo zinafika kumapeto kamodzi kokha, ndipo kamodziko ndi kamene timamva. "Flamenco Sketches" yokha ndiyo anaimaliza kawiri, n'chifukwa chake pa masidi a masiku ano mumapeza ina yachiwiri kumapeto. Komanso pa chikuto choyamba dzina la Cannonball Adderley, woyimba sakisofoni, analilemba molakwika, anasiya chilembo chimodzi. Chimbale chimene chagulidwa kuposa china chilichonse cha jazi chinatuluka ndi liwiro lolakwika ndi dzina lolakwika.

Mphunzitsi Wopuma: Onjezerani pamenepo, akulu, nkhani ya Bill Evans. Anali atachoka kale m'gulumo, malo ake pa piyano atatenga Wynton Kelly, koma Miles anamuitananso chifukwa nyimbozo anaziganiza ndi kayimbidwe ka Evans m'mutu. Kelly anangoyimba "Freddie Freeloader" yokha. Ndiye pa chimbale analemba kuti nyimbo zonse anapeka Miles, pamene Evans ankanena kuti "Blue in Green" ndi yake. Atadzaijambula pa chimbale chake, Portrait in Jazz, kumapeto kwa chaka chomwecho, mayina analembapo onse awiri.

Loya wa Mawa: Apa ndiye pamene ine ndimatchera khutu. Dzina la wopeka si ulemu chabe ayi, ndi ndalama ya chaka ndi chaka. Woyimba nawo mu situdiyo ankalandira za tsikulo basi, chimbale chigulidwe kapena ayi. Ndibweranso pa nkhani imeneyi, ndikudziwa kuti ibwera yokha.

Amalume a Mbale: Ngati mukufuna kuona mmene kontirakiti imapangira nyimbo, onani Miles yemweyo mu 1956. Columbia inali itamufuna kale, koma anali ndi ngongole ya zimbale ku kampani yaing'ono ya Prestige, ya Bob Weinstock. Anatenga gulu lake, John Coltrane ali momwemo, n'kupita ku situdiyo ya injiniya wojambula nyimbo Rudy Van Gelder pa 11 Meyi ndi pa 26 Okutobala. Ankangoyimba zimene ankayimba usiku uliwonse m'makalabu, ina ikatha ina. Masiku awiriwo anabala zimbale zinayi: Cookin', Relaxin', Workin' ndi Steamin'. Prestige sinapupulume, inkatulutsa chimodzichimodzi kuyambira 1957 mpaka 1961, kudyerera kutchuka kumene Columbia inkalipirira. Pa Relaxin' mumamva ngakhale mawu a Miles akulankhula ndi anthu a mu situdiyo, sanadule.

Ndipo situdiyo imene tikunenayi inali chipinda chochezera m'nyumba ya makolo ake a Van Gelder ku Hackensack, New Jersey. Iye masana anali woyeza anthu maso ndi kuwalembera magalasi. Anadzasiya ntchitoyo mu 1959 atamanga situdiyo yake ku Englewood Cliffs. Blue Train ya Coltrane, ya pa 15 Seputembala 1957, inajambulidwa m'chipinda chochezeracho, Lee Morgan pa lipenga ali ndi zaka 19.

Aphiri ku Joni: Koma amalume, Blue Train ndi ya Blue Note, si ya Prestige. Injiniya mmodzi, chipinda chimodzi, oyimba nthawi zambiri omwewo, koma khutu limasiyanitsa. Chifukwa chake mukuchidziwa.

Amalume a Mbale: Ndikuchidziwa. Alfred Lion ndi Francis Wolff, anthu ochokera ku Berlin amene ankayendetsa Blue Note, ankalipira oyimba kuti ayambe akonzekera masiku angapo asanalowe mu situdiyo. Weinstock za kukonzekera sankalipira. Choncho ku Prestige mumapeza nyimbo zodziwika kale ndi kupikisana kwa malipenga, pamene ku Blue Note mumapeza nyimbo zatsopano zovuta, zoyimbidwa mwaukhondo. Koma Lion analinso ndi khalidwe lojambula zambiri kuposa zimene akanatha kutulutsa. Tina Brooks, mwamuna wa sakisofoni, anajambula zimbale zinayi m'dzina lake, koma ali moyo chinatuluka chimodzi, True Blue. Zinazo zinagona m'nkhokwe mpaka Michael Cuscuna atayamba kufukula matepi a kampaniyo m'ma 1970, ndipo zinatuluka mwiniwake atamwalira kale.

Nachisale: Abambo inu mwatanganidwa ndi malipenga ngati dziko lonse ndi New Jersey. Mutu wa gulu lino umati jazi ndi soul. Ndilankhulepo za Aretha?

Mkulu wa Gulu: Bwalo ndi lanu, mayi.

Nachisale: Aretha Franklin anakhala ku Columbia komweko kuyambira 1960 mpaka 1966. Anamupeza ndi John Hammond, munthu wa makutu, koma kampaniyo inkamuveka nyimbo za ulemu, za mavayolini, ngati akufuna kubisa kuti mtsikanayu anakulira mu tchalitchi cha bambo ake, abusa C. L. Franklin, ku Detroit. Atapita ku kampani ya Atlantic, Jerry Wexler, mmodzi wa akuluakulu a kumeneko, anachita zinthu ziwiri: anamukhazika yekha pa piyano, ndipo anapita naye ku situdiyo ya FAME ya Rick Hall ku Muscle Shoals, Alabama. Linali tsiku la 24 Januwale 1967. Oyimba a kumeneko, anyamata achizungu akumudzi, analibe mapepala a nyimbo. Anavutika kupeza poyambira mpaka Spooner Oldham atagwira kamayimbidwe kena pa piyano ya magetsi, onse n'kulowa pamenepo. Inatuluka ndi "I Never Loved a Man (The Way I Love You)".

Tsiku lomwelo zinthu zinasokonekera. Mowa unalipo, mwamuna wake wa Aretha, Ted White, anakangana ndi mmodzi wa oyimba malipenga, kenako Rick Hall anapita kuhotela kuti akakonze, m'malo mwake ndewu inakula. Kutacha Aretha kunalibe. Wexler anabwerera ku New York ndi nyimbo imodzi yathunthu ndi chidutswa cha "Do Right Woman, Do Right Man". Ndiye anthu akamati chimbale chimenechi ndi cha ku Muscle Shoals, ndi nyimbo imodzi ndi theka. Zotsalazo anazijambula ku New York, Wexler ataitanitsa anyamata a ku Alabama aja. "Respect" ndi ya pa 14 Febuluwale 1967, abale ake Erma ndi Carolyn akuvomera kumbuyo, King Curtis pa sakisofoni, Tom Dowd pa makina. Chimbale chinatuluka pa 10 Marichi.

Mayi a Kwaya: Achemwali, mwafotokoza bwino, koma pa Columbia ndikutsutsani pang'ono. Anthu amakonda kunena ngati zaka zimenezo zinatayika. Mverani chimbale chimene anayimba pokumbukira Dinah Washington mu 1964. Kupuma kwake, kagwiridwe ka mawu, kudziwa pofewetsa, zonsezo anaziphunzira kumeneko. Wexler sanalandire mwana wosadziwa situdiyo ayi.

Nachisale: Kuyimba ankadziwa, mayi, sindikukana. Koma ndani ankagula?

Mayi a Kwaya: Kugula ndi nkhani ina.

Mnyamata wa Besi: Pepani kudula, "Respect" si ya Aretha kodi?

Nachisale: Anapeka ndi Otis Redding, mwana wanga, ndipo ili pa Otis Blue ya 1965. Mwa Otis ndi mwamuna wobwera kuntchito akupempha ulemu kunyumba. Aretha anaitembenuza, wopempha n'kukhala mkazi, n'kuwonjezera kutchula zilembo kuja, R-E-S-P-E-C-T. Koma pa pepala wopeka anakhalabe Otis.

Aphiri ku Joni: Otis Blue imeneyo ndiyo imandithetsa nzeru. Pafupifupi chimbale chonse anachijambula m'maola 24, pa 9 ndi 10 Julayi 1965, ku kampani ya Stax ku Memphis, ndipo pakati anaima kaye kuti oyimba apite kukayimba m'makalabu mmene analonjeza kale, n'kubwerera usiku kwambiri. Situdiyo ya Stax inali nyumba yoonetseramo mafilimu pa McLemore Avenue, pansi pake potsetsereka mmene zimakhalira nyumba zotero, ndipo sanapakonze. Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton ndiwo anali eni. Gulu la nyumbayo, Booker T. & the M.G.'s, linali la akuda awiri ndi azungu awiri, mu mzinda umene tsankho linali la poyera. Pa chimbalecho pali nyimbo zitatu za Sam Cooke, amene anali atawomberedwa mu Disembala 1964, ndi "Satisfaction" ya Rolling Stones.

Loya wa Mawa: Ndinati ndibwera, ndafika. Chaka chomwecho cha 1965, Jim Stewart anasaina mgwirizano ndi Atlantic woti izigulitsa mbale za Stax m'dziko lonse. Mkati mwake munali chiganizo chopereka kwa Atlantic umwini wa matepi a nyimbo zonse zimene yagulitsa. Stewart sanachione, kapena sanachimvetse. Atlantic itagulitsidwa kwa Warner mu 1967, anakhala pansi kuti akambirane mwatsopano, m'pamene anauzidwa kuti Otis Blue ndi zina zonse zimene zinatuluka si zake. Oyimba awiri aja, Sam & Dave, nawonso anali obwereka kuchokera ku Atlantic, anatengedwa. Wexler ankati iyenso sankadziwa kuti maloya anayikamo zimenezo. Kaya ankadziwa kaya ayi, matepi sanabwerere.

Ndiye ganizirani miyezi imeneyo. Pa 10 Disembala 1967 ndege ya Otis inagwera m'nyanja ya Monona pafupi ndi Madison, Wisconsin, ali ndi zaka 26, pamodzi ndi anyamata anayi a gulu la Bar-Kays. Pa 4 Epulo 1968 Martin Luther King anawomberedwa pa Lorraine Motel, malo amene oyimba a Stax ankachezako ndi kupekerako nyimbo. Kampani inatsala yopanda woyimba wake wamkulu, yopanda nyimbo zake zakale.

Nachisale: Ndipo "(Sittin' On) The Dock of the Bay" Otis sanaimve mmene timaimvera ife. Anaijambula kumapeto kwa Novembala, n'kuwonjezera zina masiku ochepa ngozi isanachitike. Steve Cropper, wa gitala amene anapeka naye, ndiye anapanga mikisi yake (kusakaniza mawu ndi zida za pa tepi kukhala nyimbo yomaliza) maliro ali mkati, n'kuyikamo mafunde ndi mbalame za kunyanja. Inatuluka pa 8 Januwale 1968 ndipo inafika pa nambala 1 ku America, koyamba kuti zitero mwini nyimbo atamwalira. Ena ku Stax poyamba sankaifuna, ankati siyikumveka ngati Otis.

Amalume a Mbale: Aloya, malizitsani, chifukwa tsoka limenelo ndi limene linabala Hot Buttered Soul ya Isaac Hayes.

Loya wa Mawa: Zoona amalume. Al Bell, amene anatenga chiwongolero, anaganiza zomanga nkhokwe yatsopano mwamsanga, ndipo mu 1969 analamula zimbale 27 nthawi imodzi. Aliyense wokhoza kuyimba anauzidwa kuti alowe mu situdiyo. Isaac Hayes anali wopeka nyimbo ndi woyimba piyano wa kumbuyo, chimbale chake choyamba chinali chitakanika pa msika. Anavomera pokhapokha asamuuze zochita. Popeza situdiyo ya Stax inali yodzaza, anapita ku Ardent, ku Memphis komweko, ndi Bar-Kays yatsopano imene anaimanganso anyamata awiri a gululo amene anatsala. Mavayolini anakawonjezera ku Detroit. Chimbale chonse nyimbo zinayi. "Walk On By" mphindi 12, "By the Time I Get to Phoenix" kupitirira mphindi 18, pafupifupi theka lake akungolankhula. Pa zimbale 27 zija, chimene palibe ankachiyembekezera ndicho chinagulidwa kwambiri.

Aphiri ku Joni: Kukanakhala kuti kampani ili pa mtendere, wina akanamuuza kuti adule zifike mphindi zitatu za pa wailesi.

Mphunzitsi Wopuma: Ku kampani ya Motown wouza anthu zimenezo analipo, mwini wake Berry Gordy, ndipo anali ndi komiti yomvera nyimbo iliyonse isanatuluke. N'chifukwa chake nkhani ya What's Going On imandikoka. Nyimboyo anaiyamba ndi Renaldo Benson wa Four Tops, ataona apolisi akumenya achinyamata ochita zionetsero ku Berkeley mu 1969. Anzake a Four Tops anaikana. Iye ndi Al Cleveland anaipereka kwa Marvin Gaye, amene anali pa chisoni cha imfa ya mnzake woyimba naye, Tammi Terrell, mu Marichi 1970, komanso mng'ono wake Frankie anali atabwera ku nkhondo ya ku Vietnam ndi nkhani zowawa. Anaijambula mu Juni 1970 ku Detroit. Ambiri amene analipo amati Gordy anaikana, ngakhale iye mwini anadzanena kuti ankangoopa kuti iwononga dzina la Marvin. Marvin ananyanyala, anati sajambulanso kanthu mpaka ituluke. Inatuluka mu Januwale 1971, akuluakulu ena a kampani ataitulutsa Gordy asakudziwa. Itagulidwa ngati moto, Gordy yemweyo anafuna chimbale chathunthu msangamsanga, ndipo maziko ake anawajambula m'masiku pafupifupi 10 mu Marichi. Chinatuluka pa 21 Meyi 1971.

Mnyamata wa Besi: Bambo, nanga zoti James Jamerson anayimba besi ya nyimbo imeneyo atagona chagada, n'zoona?

Mphunzitsi Wopuma: Imeneyo ndi nthano ya mu situdiyo, amaikamba ambiri: akuti anakamutenga kukalabu atakhuta, sakanatha kukhala pa mpando. Iwe usatengere kugonako. Chimene chili pa chikuto n'chofunika kwambiri: aka kanali koyamba kuti Motown ilembe mayina a oyimba zida ake, Jamerson ndi anzake a Funk Brothers, pambuyo pa zaka zoposa 10 akuyimba osatchulidwa. Zinthu zina ziwiri zimene timazikonda pa nyimboyo zinabwera mwangozi. Sakisofoni yoyambirira ija, Eli Fontaine ankangotenthetsa chida, Marvin anati imeneyo ndi yomweyo. Mawu awiri a Marvin oyenda limodzi aja, anali atayimba kawiri kuti asankhe, injiniya n'kuziliza zonse pamodzi, iye anazikonda. Phokoso la macheza koyambirira muli osewera mpira a Detroit Lions, Mel Farr ndi Lem Barney, anzake.

Amalume a Mbale: Ndipo chimbale chimenecho chili ndi mamikisi awiri. Woyamba anaupanga ku Detroit mu Epulo, kenako Marvin anatenga matepi kupita nawo ku Los Angeles n'kukamikisanso. Umene dziko limadziwa ndi wa ku Los Angeles. Wa ku Detroit unatuluka mu 2001. Ndi wouma, ng'oma ndi besi zili pafupi, mawu awiri aja atalikirana. Ine ndimaukonda kuposa.

Mayi a Kwaya: Apa ndiye pamene ine ndimasiyana nanu, akulu. Marvin anamva mikisi ya ku Detroit, sanakhutire, anakwera ndege kukakonza. Ndiye patapita zaka 30, iye kulibe, kampani ikutulutsa chimene anachikana, inu n'kumati ndicho chokoma. Nsima imene mwini khitchini anaiona kuti sinapse sapatsa alendo iye atachoka. Ine ndimaphunzitsa kwaya, ndimadziwa mmene timamvekera Lachinayi pokonzekera. Sindingafune kuti wina adzagulitse zimenezo.

Amalume a Mbale: Mayi, funso ndi lakuti anakana ndani. Si nthawi zonse mwini nyimbo. Pa 12 Januwale 1963 RCA inajambula Sam Cooke akuyimba ku Harlem Square Club ku Miami, pamaso pa anthu akuda anzake, mawu okhakhala, thukuta, anthu akukuwa. Kampani inaona kuti zimenezi ziopseza azungu ogula mbale zake, inatsekera tepi. M'malo mwake mu 1964 inatulutsa ya ku Copacabana, ya masuti ndi mataye. Ya ku Miami inatuluka mu 1985, patapita zaka 22. Popanda imeneyo bwenzi tikuganiza kuti Sam Cooke anali wofatsa basi.

Nachisale: Ndipo miyezi itatu m'mbuyo mwake James Brown anakumana ndi khoma lomwelo, kusiyana kwake iye anali ndi ndalama m'thumba ndi mutu wouma. Syd Nathan wa King Records anati chimbale cha pa siteji chopanda nyimbo yatsopano sichingagulidwe. Brown analipira yekha madola 5,700 kujambula mu holo ya Apollo ku New York pa 24 Okutobala 1962. Chitatuluka mu 1963 chinafika pa nambala 2 ndipo chinakhala pa tchati masabata 66.

Mayi a Kwaya: Za Sam Cooke ndavomera, pamenepo anatsekereza ndi kampani. Koma tengani Amazing Grace. Aretha anajambula chimbalecho pa 13 ndi 14 Januwale 1972 mu tchalitchi cha New Temple Missionary Baptist ku Los Angeles, ndi abusa James Cleveland ndi kwaya yawo. Chimbale chinatuluka chaka chomwecho, palibe vuto. Koma panalinso filimu. Sydney Pollack anajambula osagwiritsa ntchito kathabwa kowomba kaja kothandiza kulumikiza mawu ndi zithunzi, ndiye zinakanika kulumikizika, zinagona zaka zambiri. Makompyuta atatheketsa, Aretha anakana, mpaka anapita kukhoti mu 2015 kuletsa kuti isaonetsedwe. Anamwalira mu Ogasiti 2018, mu Novembala filimu inaonetsedwa. Miyezi itatu. Ndinaionera, ndinalira, koma mtima sunandikhale.

Loya wa Mawa: Mayi, mwalamulo abale ake amene anatsala ndi chuma ndiwo anavomera, ndiye palibe mlandu. Koma ndikumva chimene mukunena, lamulo ndi chilolezo cha mwini si chinthu chimodzi.

Mayi a Kwaya: N'chimene ndikunena, mwana wanga.

Mphunzitsi Wopuma: Pali gulu lachitatu, limene sanakane mwini, sinakanenso kampani, koma linangosochera. Pa 6 Marichi 1963 Coltrane anajambula tsiku lonse kwa Van Gelder ndi McCoy Tyner, Jimmy Garrison ndi Elvin Jones. Mawa lake anabwereranso kudzajambula ndi woyimba Johnny Hartman, chimenecho chinatuluka, cha dzulo lake chinakhala. Matepi a kampani anatayika, zikuoneka kuti pamene eni a kampaniyo, Impulse!, ankachepetsa katundu m'nkhokwe m'ma 1970. Chinapulumutsa ndi kope imene Van Gelder anapatsa Coltrane kuti akamvere kunyumba, imene inasungidwa ndi banja la mkazi wake woyamba, Naima. Inatuluka mu 2018 ndi dzina lakuti Both Directions at Once, mwana wake Ravi atathandiza kusankha. Nyimbo zina zilibe ndi mayina omwe, zimadziwika ndi manambala a tepi. Ngakhale A Love Supreme, ya pa 9 Disembala 1964, pokonzanso mu 2002 anadalira kope imene inapezeka ku London, yotumizidwa kumeneko mu 1965. Konsati ya Thelonious Monk ndi Coltrane ku Carnegie Hall ya 1957, imene inajambulidwa ndi Voice of America, inapezeka mu 2005 mu Library of Congress munthu akusanthula mabokosi.

Loya wa Mawa: Ndipo zina sizidzapezekanso. Pa 1 Juni 2008 moto unatentha nkhokwe ya matepi pa Universal Studios ku California. Nyuzipepala ya New York Times inalemba mu 2019 kuti munali matepi a Chess, Decca, Impulse! ndi ena. Kampani inati nkhaniyo yakokomezedwa, koma sinakane kuti zinthu zinapsa.

Aphiri ku Joni: Kuno kumene ndili nkhani zotere ziliponso. Mu Januwale 1960 gulu la Jazz Epistles linajambula Verse 1 mu Johannesburg muno: Dollar Brand, amene pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa, Johnny Gertze ndi Makaya Ntshoko. Anadinda mbale 500 zokha. Pa 21 Marichi kunachitika kuphana kwa ku Sharpeville, boma linakhwimitsa malamulo a misonkhano, malo oyimbira anatsekeka, gulu linabalalika. Verse 2 kunalibe.

Brand anapita ku Zurich ndi Sathima Bea Benjamin mu 1962. Chaka chotsatira Sathima ananyengerera Duke Ellington kuti abwere kudzamva gulu la Brand, ndipo Ellington anawatengera onse ku Paris kukajambula. Chimbale cha Brand chinatuluka ku Reprise, kampani ya Frank Sinatra. Cha Sathima, mmene Ellington ndi Billy Strayhorn anamuyimbira piyano, kampani sinachitulutse, ndipo anthu ankati tepi inatayika. Injiniya Gerhard Lehner anali atasunga kope yake. Chinatuluka mu 1997, A Morning in Paris, patapita zaka 34. Mayi a Kwaya, chimenechi mwini wake anali moyo ndipo anachilandira ndi manja awiri.

Mayi a Kwaya: Chimenecho ndikachimvera ndi mtima woyera, Aphiri. Koma taonani amene anamutsegulira chitseko, mayiyo. Amene anadikira zaka 34, mayi yemweyo.

Nachisale: Eeh, nenani achemwali.

Mnyamata wa Besi: Ndiye pa What's Going On ndiyambe ndi mikisi iti? Ndikufuna kumva bwino Jamerson.

Amalume a Mbale: Wa ku Detroit, ndi mahedifoni, osati kasipika ka foni.

Mayi a Kwaya: Yamba ndi umene Marvin anasaina. Winawo udzamve pambuyo, ngati amalume akowo akukakamiza.

Mkulu wa Gulu: Tichite chonchi. Loweruka lino aliyense amvere mbali yoyamba ya chimbalecho m'mamikisi onse awiri, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka "Mercy Mercy Me", ndipo tidzatsegula zokambirana zake pazokha Lamlungu madzulo. Aloya, mutikonzere mwachidule mmene Stax inagwera mu 1975 ndi amene anagula zotsala zake, chifukwa pamenepo mwatisiya panjira.

Loya wa Mawa: Ndamva akulu. Anagula ndi Fantasy Records mu 1977, kampani yomweyo imene inali itagula kale Prestige. Zonse ndibweretsa Lamlungu.